BOMBA LIKAPHULIKA, FUNSANI UMBONI

Awa ndi mawu amene mkulu wofalitsa nkhani za Chipani anayankhula pa msonkhano umene unachitikira pa Santhe, m'boma la Kasungu.

Ndikuthokozani chifukwa mwasiya ntchito ya m'zigafa ndi kubwera kudzamva mawu anga.

Ntchito yanga ndi yofalitsa nkhani, ndipo chifukwa cha ichi ndili ndi udindo wokuchenjezani za nkhani zomwezo. Pamene chisankho chayandikira ndipo kwina kwaphulika bomba kapena kwapsa nyumba, dzuwa lisanalowe nyuzipepala, wailesi ndi mauthenga a pa WhatsApp zimakhala zitatiuza kale zinthu ziwiri. Zimatiuza amene wachita chiwembucho, ndiponso kuti wachita chimenecho pofuna kupotoza chisankho. Ine ndikuti zinthu ziwirizi n'zosiyana, ndipo chilichonse chifunika umboni wake.

Inu alimi a fodya mukudziwa kuti ku okushoni ya ku Chinkhoma wogula sakhulupirira chikalata cha pamwamba pa belo chokha. Amafuna belo litsekulidwe, ndipo amasolola fodya wa m'kati kuti aone ngati akufanana ndi wa pamwamba. Nkhani ya m'nyuzipepala iyenera kutsekulidwa chimodzimodzi.

Ndiyambe ndi zimene zinachitikira abale athu a ku Zambia m'chaka cha 1996. M'mwezi wa May chaka chimenecho, boma la Pulezidenti Frederick Chiluba linasintha malamulo oyendetsera dziko kuti munthu amene makolo ake sanali mbadwa za Zambia asapikisane nawo pa mpando wa pulezidenti. Lamulo limeneli linatsekera njira Dr. Kenneth Kaunda, mtsogoleri wa chipani cha UNIP, pakuti makolo ake anachokera kuno kwathu. M'masiku omwewo mabomba anayamba kuphulika, ndipo kunamveka dzina la kagulu kotchedwa Black Mamba. M'mwezi wa June katswiri wina wochotsa mabomba anafa pa bwalo la ndege la Lusaka pamene bomba linamuphulikira ali pa ntchito yake.

Tsono Black Mamba linali dzina lakale limene ankamutchula nalo Kaunda m'masiku omenyera ufulu. Kwa anthu ambiri dzina lokhalo linakwanira kukhala umboni. Akuluakulu a boma analoza chala chipani cha UNIP, ndipo mawu awo anafalitsidwa m'dziko lonse. Anthu 8 a chipanicho, pamodzi ndi wachiwiri kwa mtsogoleri wake, Mfumu Yaikulu Inyambo Yeta, anamangidwa ndi kuzengedwa mlandu woukira boma. Ambiri mwa iwo anakhala m'ndende kufikira mwezi wa November, pamene bwalo lalikulu la milandu linawamasula chifukwa panalibe umboni wowalumikiza ku mabombawo. Chisankho chinachitika pa 18 November, UNIP inakana kutenga nawo mbali, ndipo Chiluba anapambana. Taganizani, amayi ndi abambo: miyezi yonse ya misonkhano yokopa anthu inatha anthu osalakwa ali m'ndende, mayina awo akuipitsidwa tsiku ndi tsiku. Bwalo linawamasula, koma miyezi imeneyo palibe anawabwezera.

Nkhani yachiwiri ndi ya kutali, ku Spain, koma phunziro lake ndi la pafupi. Pa 11 March 2004 mabomba 10 anaphulika m'sitima zapamtunda 4 mu mzinda wa Madrid, ndipo anthu oposa 190 anafa. Chisankho chinali pa 14 March, patangotsala masiku atatu. Nduna yaikulu José María Aznar anaimbira yekha lamya akonzi a nyuzipepala kuwauza kuti chiwembucho chachitidwa ndi ETA, kagulu ka zigawenga za m'dziko momwemo, ndipo nyuzipepala zina zinalemba chomwecho pa tsamba loyamba. Koma apolisi atayamba kutsata lamya ya m'manja imene inapezeka m'chikwama cha bomba losaphulika, mapazi analoza kwina, kwa anthu ogwirizana ndi maganizo a Al Qaeda. Anthu anakwiya poona kuti anamizidwa, chipani cha Aznar chinagonja, ndipo José Luis Rodríguez Zapatero anatenga boma. M'chaka cha 2007 bwalo la milandu linagamula kuti panalibe umboni woti ETA inakhudzidwa.

Nkhaniyi sinathere pomwepo. Chisankho chitatha, nyuzipepala zambiri za maiko akunja zinalemba kuti zigawengazo zinasankha dala tsiku limenelo pofuna kugwetsa boma limene linatumiza asilikali ku Iraq. Zinkamveka zoona, pakuti masiku anayandikana ndipo boma latsopano linabwezadi asilikaliwo kwawo. Koma katswiri wa ku Spain komweko, Fernando Reinares, atafufuza kwa zaka zambiri, anaonetsa kuti maganizo ochita chiwembucho anayamba m'chaka cha 2001, nkhondo ya ku Iraq isanayambe, ndiponso kuti tsiku la 11 March linasankhidwa mu October 2003, boma lisanalengeze tsiku la chisankho. Mwaona tsono kuti atolankhani anathamanga kawiri. Poyamba anathamangira kutchula wolakwa, kenaka anathamangira kutchula cholinga chake. Kuyandikana kwa masiku anakuyesa umboni.

Tisaganize kuti zoterezi sizingafike kuno. Mu May 2020, dziko lino likukonzekera chisankho chobwereza cha pa 23 June, anthu ena anaponya bomba la petulo pa ofesi ya chipani cha UTM ku Area 24 mu mzinda wa Lilongwe, ndipo anthu atatu a banja limodzi amene ankagona m'nyumbamo anafa ndi zilonda za moto. Chimenecho chinali chiwembu choipitsitsa, ndipo aliyense amene anachita ayenera kulandira chilango chonse cha lamulo. Koma chilango chimafika pa wolakwa weniweni pokhapokha umboni utasonkhanitsidwa bwino. Mphekesera zikatsogola, mboni zimaopa kuyankhula, ndipo wolakwa amabisala m'phokoso lomwelo.

Pano pa Santhe sitiona mabomba, koma timaona mabalani ndi zigafa zikupsa. Mukudziwa nonse kuti tsamba limodzi louma likagwera pa paipi yotentha, balani yonse imanyeka popanda mdani aliyense. Balani yoteroyo ikapsa m'nyengo ya chisankho, mawa lake mumva kuti aotcha ndi a chipani chakutichakuti. Ndipo oyamba kulozedwa chala amakhala anzathu ochokera ku Mulanje, Thyolo ndi Phalombe amene anabwera kudzagwira ntchito m'maesiteti, anthu amene takhala nawo zaka zambiri, takwatirana nawo ndi kuikirana maliro. Uthenga umodzi wabodza ukhoza kuphetsa munthu wosalakwa usiku umodzi.

Chifukwa chake ndikupemphani kuti mukamva nkhani yotere mudzifunse mafunso atatu. Loyamba: wanena ndani, ndipo kodi dzina lake latchulidwa? Lachiwiri: kodi iyeyo waona chiyani ndi maso ake, kapena wagwira chiyani m'manja mwake? Lachitatu: akuti cholinga chinali chisankho, nanga cholingacho achidziwa bwanji pamene wochita chiwembuyo sanagwidwe n'komwe? Mafunso amenewa muwafunse kwa aliyense, ngakhale kwa ine amene ndaima pamaso panu, ngakhale nkhaniyo ikhale yokomera mbali imene inu mumaikonda.

Makolo athu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Chinthu chikachitika m'mudzi mwanu, pitani kwa nyakwawa, ndipo nyakwawa akadziwitse apolisi. Amene waona kanthu akanene zimene waona, osaonjezera. Inu achinyamata, zikwanje zikhale za kumunda, ndipo uthenga umene simukudziwa gwero lake musautumize kwa mnzanu. Tsiku loponya voti likafika, mukavote malinga ndi zimene mwaona m'mudzi mwanu ndi m'thumba mwanu, mtima uli m'malo.

Mulungu adalitse Malawi.