Mau a pa Msonkhano wa ku Chigumula: Za Yunivesite ya ku Bangula

Mafumu athu, ndi inu abale a Bungwe,

Ife a ku Chigumula tiri ndi mwai. Yunivesite ya Malawi inayamba kuphunzitsa pa Chichiri m'chaka cha 1965, ndipo ya ku Ndata, m'boma la Thyolo, inatsegulidwa mu 2014. A kumpoto anadikira kufikira 1999 kuti ya ku Mzuzu ilandire ana. Nanga abale athu a ku Chigwa cha Shire? Malemu Bingu wa Mutharika anawalonjeza yao pa Bangula, koma njerwa zache sitinazione. Mwana wa ku Nsanje akwera mapiri kudza kuno, nalipira pogona kwa eni nyumba. Wosauka atsala m'munda wa thonje, ngakhale mayeso anakhoza. Chifukwa chache tikupemphani, Mafumu, mulembere Boma pamodzi ndi mafumu akumeneko, mufunse chaka chomangira.