Njinga yamoto ikayamba kudya oyilo: yezani kaye musanapite kwa makaniko

Lero tisiye kaye za mbozi ndi manyowa, tikambe za njinga yamoto. Ena mwa inu munaigula ndi ndalama za soya kapena fodya, ndipo ndi yomwe imanyamula tomato kupita kumsika, ngakhalenso wodwala kupita kuchipatala usiku. Njinga za 125cc ndi 150cc zimalowa oyilo pafupifupi lita imodzi basi. Akachepa kwambiri, injini imatentha ndipo pisitoni imatha kukakamira muli pamsewu ndi katundu. Kukonza kwake kungadye phindu la munda wonse.

M'munda mwathu sitipopera mankhwala tisanayendere mbewu ndi kulemba m'kope zomwe taona. Njinganso tichite nayo chimodzimodzi.

Choyamba, yezani. Imikani njinga chilili pamalo osapendekeka. Ilizeni pang'ono, izimitseni, mudikire mphindi zitatu. Chotsani kachitsekero koyezera oyilo, kapukuteni, kabwezeni osakapotokola, kenako muone ngati oyilo ali pakati pa mizere iwiri ija. Lembani tsiku, makilomita ndi oyilo amene mwaonjezera. Pakatha masabata awiri mudziwa ngati njinga ikudyadi oyilo.

Chachiwiri, fufuzani komwe akupita. Oyilo amachoka m'njira ziwiri: kudontha kapena kupsa. Tsukani injini, muyale katoni pansi pake usiku. Mukapeza madontho m'mawa, kapena fumbi lonyowa lomatirira pa injini, nthawi zambiri vuto ndi gasiketi, silu kapena bauti yotsitsira oyilo. Limeneli ndi vuto laling'ono. Musalole kuti akutsegulireni injini yonse.

Ngati sakudontha, ndiye kuti akupsa pamodzi ndi petulo. Uzani mnzanu aime kumbuyo aone utsi wa ku ekizozi. Utsi wakuda si wa oyilo, ndi petulo wochuluka kapena fyuluta ya mpweya yotsekeka. Nthunzi yoyera m'mawa wa mu Juni, yomwe imatha injini ikatentha, isakudetseni nkhawa. Utsi wa oyilo ndi wotuwa mobiriwira ngati buluu, ndipo umanunkha. Ukamatuluka poliza m'mawa kenako n'kusiya, ganizirani masilu a mavalavu. Koma ukamatuluka nthawi zonse, makamaka pokwera chitunda ndi katundu, maring'i a pisitoni kapena silinda zaperepeseka.

Tsimikizani ndi zizindikiro zina. Chotsani pulagi: yabwino imakhala youma, yofiirira, ya mwaye wouma ikuonetsa petulo wambiri, yakuda yonyowa ndi ya injini yowotcha oyilo. Kiki ikapepuka, njinga n'kumavuta kulira ndi kusowa mphamvu pamtunda, kompuresheni yatsika. Potsitsa oyilo wakale, muyang'aneni padzuwa. Tizitsulo tonyezimira ndi chenjezo loti musayendenso ulendo wautali. Amene muli ndi njinga zakale za two-stroke, monga Yamaha DT 125, dziwani kuti izo zinapangidwa kuti ziziwotcha oyilo wake wa 2T, choncho kautsi pang'ono n'kachibadwa.

Nanga chimaperepesa injini msanga n'chiyani? Mdani wamkulu ndi fumbi la misewu yathu ya m'chilimwe. Fyuluta ikang'ambika, fumbi limalowa n'kumapala silinda ngati mchenga wotsukira poto. Ena ndi oyilo wokhalitsa, oyilo woyezera m'mabotolo wosadziwika kochokera, ndiponso matumba atatu a makilogalamu 50 pa njinga imodzi. Gulani oyilo wa njinga wolembedwa 4T, wam'chigubu chomata, pa mlingo womwe buku la njinga yanu likunena. M'nyengo ya fumbi, msintheni msanga ndipo muzitsuka fyuluta pafupipafupi.

Popita kwa makaniko, tengani kope lanu. Mukamuuza kuti utsi umatuluka nthawi yanji, pulagi ikuoneka bwanji ndi oyilo amene mwaonjezera, n'kovuta kuti akugulitseni zipangizo zosafunika. Oyilo wakale musathire kudimba, pafupi ndi chitsime kapena pa zilonda za ziweto.

Sabata yamawa, amene muli ndi njinga mubwere nazo pamodzi ndi sipanala ya pulagi. Tidzagawana m'magulu, gulu lililonse lidzayeze njinga imodzi ndi kufotokozera anzawo zomwe lapeza.