LOLE YAKALE NDI MAKALATA A OIPANGA

Mau amene mlangizi wa za makina analankhula kwa eni malole ndi madilaivala a ku Likuni, Mitundu ndi Nathenje.

 Nonse mudziwa kuti fodya safika yekha ku okushoni ku Kanengo, ndipo chimanga ndi mtedza siziyenda zokha kupita ku msika wa Mitundu. Zonsezi zimakwera lole. Lole ikafera pa njira, mvula nigwera mabelo, thukuta la chaka chathunthu lapita pachabe.

Malole ambiri a kuno ngokalamba. Ena ndi Bedford a ku England, amene kampani ya General Motors inaleka kuwapanga m'zaka za m'ma 1980. Ambiri ndi Isuzu, Hino, Canter ndi Dyna, amene anayamba agwira nchito ku Japan asanafike kuno.

Tsono mvetsani ichi. Opanga galimoto akaona kuti chitsulo china chikuvuta pa malole ambiri a mtundu umodzi, amalemba kalata. Makalatawo ali a mitundu iwiri. Ina imapita kwa amakanika, kuwauza chimene chikuvuta ndi makonzedwe ake. Ina, vuto likakhala loopsa, imaitana mwini galimoto kuti abwere nayo ikakonzedwe. Koma kalata yotere imatsata mwini amene analembedwa ku Japan, ndipo siwoloka nyanja kudzakupezani ku Nathenje. Chifukwa chake lembani nambala ya chasisi ndi nambala ya injini m'kabuku, mupite nazo kwa ogulitsa galimoto za mtunduwo ku Lilongwe, mufunse ngati kunatuluka kalata. Mwana wodziwa intaneti akhozanso kukufunirani pa tsamba la kampaniyo. Safunsa anadya phula.

Ndikupatseni chitsanzo. Mu 1993 dziko la America linachepetsa sulufule m'dizilo. Posakhalitsa mapampu a malole ena akale anayamba kudontha, popeza timphira totseka mafuta tinafota. Amene anamva malangizo anangosintha timphirato ndi ta mtundu watsopano. Kuno kwathunso dizilo wa lero ali ndi sulufule wochepa kuposa wakale. Mukaona pampu ikunyowa, musafulumire kugula ina. Yambani mwafunsa za timphira.

Koma matenda ambiri a lole amalowera pa thanki. M'kati mwa pampu ndi manozulo muli tizitsulo topimidwa bwino kwambiri, ndipo dizilo yemweyo ndiye amatifewetsa. Madzi amatichititsa dzimbiri, fumbi limatipala, ndipo parafini, pokhala wopyapyala, satifewetsa mokwanira. Mukumbuka 2011 ndi 2012, pamene mafuta anasowa m'dziko muno, ambiri nagula a m'zigubu m'mbali mwa mseu. Dizilo wa m'chigubu sudziwa chimene athiramo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chitani izi. Gulani mafuta pa malo ovomerezedwa ndi bungwe la MERA. Dzazani thanki madzulo, chifukwa thanki yopanda kanthu imachita thukuta usiku, madziwo natsikira pansi. Khetsani madzi a pansi pa fyuluta kawirikawiri, ndipo sinthani fyuluta pa nthawi imene buku la galimoto linena. Mutasintha, popani mafuta kufikira thovu litatha, pakuti mpweya ukatsala m'mapaipi injini siilira. Musalole munthu kupotoza pampu pansi pa mtengo kuti lole ikhale ndi mphamvu. Pampu amaiyesa pa makina ake.

Yang'aniraninso utsi, pakuti ndiwo mau a injini. Wakuda unena kuti mafuta achuluka kapena mpweya wachepa, ndipo pa miseu yathu ya fumbi kawirikawiri ndi fyuluta ya mpweya imene yatsekeka. Wobiriwira unena kuti injini ikutentha oilo. Woyera wosaleka injini itatentha kale unena kuti mafuta sakupsa bwino kapena madzi akulowa. Pamenepo imani, musakakamize.

Nyengo yogulitsa fodya isanafike, konzani lole zanu. Fyuluta mtengo wake ngochepa, pampu mtengo wake ngwa ng'ombe. Mukafika kwanu, kawauzeni anzanu amene sanabwere.