KUMANGA MAWEBUSAITI OSAULULA ALENDO AKE

Mawu amene mmodzi wa ife, yemwe akugwira ntchito m'boma, anayankhula pa msonkhano wapachaka wa bungwe lathu.



Ndithokoze a Komiti pondipatsa mpata uno. Mutu umene anandipatsa ndi wa kamangidwe ka mawebusaiti amene amagwira bwino ntchito pa netiweki yobisa anthu, malo amene ambiri amawatcha dark web. Ndineneretu kuti zimene ndiyankhule pano ndi maganizo anga monga mnzanu wa pa sukulu; sindikuyankhulira unduna umene ndimagwirako ntchito. Ndikudziwa kuti ena mutangomva dzina lakuti dark web mitima yagunda, poganizira za mbava ndi ogulitsa mankhwala ozunguza bongo. Anthu oterowo alikodi, ndipo ndiwatchula. Koma mfundo imene ndabwera nayo ndi imodzi. Webusaiti yomangidwa mosamalira munthu woopa kudziwika imakhala yabwino kwa aliyense, ngakhale kwa mayi wa kumudzi amene ali ndi kafoni kotsika mtengo ndi bandulo yotsala pang'ono kutha.

Ndiyambe ndi mmene chinthuchi chimagwirira ntchito. Mukatsegula webusaiti mwa masiku onse, kampani imene imakugulitsani intaneti imaona kumene mwapita, ndipo mwini webusaiti amaona nambala imene mwalowera pa intaneti, yotchedwa adiresi ya IP. Zili ngati kalata imene kunja kwa envelopu kwalembedwa dzina la wotumiza ndi la wolandira. Ngakhale asaitsegule, aliyense woinyamula amadziwa kuti uje amalemberana ndi uje.

Njira yodziwika kwambiri yopewera zimenezi ndi Tor. Maganizo ake anayamba m'chaka cha 1995 ku United States Naval Research Laboratory, kumene akatswiri atatu, Paul Syverson, Michael Reed ndi David Goldschlag, ankafufuza njira yotumizira uthenga popanda woyang'anira msewu kudziwa amene akuyankhula ndi amene akuyankhulidwa. Netiweki ya Tor inayamba kugwira ntchito mu 2002, ndipo kuyambira 2006 ikusamalidwa ndi bungwe losachita malonda lotchedwa Tor Project.

Tor imaika kalata yanu mu envelopu zitatu, ina mkati mwa inzake, iliyonse yotsekedwa ndi loko wa masamu. Kalatayo imadutsa m'makompyuta atatu a anthu ongodzipereka a m'maiko osiyanasiyana. Woyamba amadziwa kuti kalata yachokera kwa inu, koma sadziwa kumene ikupita. Wachiwiri amangodziwa amene wamupatsa ndi amene ampatsire. Wachitatu amadziwa kumene ikupita, koma sadziwa mwini wake. Aliyense amang'amba envelopu imodzi yokha. N'chifukwa chake amaifanizira ndi anyezi, pakuti ukasenda khungu limodzi umapeza lina mkati.

Palinso mawebusaiti amene amakhala mkati mwenimweni mwa netiweki imeneyi, amene adiresi yake imathera ndi mawu akuti .onion. Awa ndiwo mbali yaikulu ya chimene anthu amachitcha dark web. Pamenepa mlendo ndi mwini webusaiti onse amabisika, ndipo uthenga umadutsa m'makompyuta 6, atatu a mbali ya mlendo ndi atatu a mbali ya mwini nyumba. Adiresi yake imakhala ya zilembo ndi manambala 56 osakanikirana. Maadiresi akale a zilembo 16 anasiya kugwira ntchito mu 2021.

Mwina wina afunsa kuti: kodi munthu wolungama akafunako chiyani kumeneko? Facebook inatsegula khomo lake la .onion mu 2014, ndipo mu 2016 inanena kuti anthu opitirira 1 miliyoni ankalowa kudzera pa Tor pa mwezi umodzi. Nyuzipepala ya New York Times inatsegula lake mu 2017. BBC inatsegula lake mu 2019, pofuna kuti anthu a m'maiko monga China, Iran ndi Vietnam, kumene maboma amayesa kutseka nkhani zake, athe kuwerenga. Palinso pulogalamu yotchedwa SecureDrop, imene inayambidwa ndi Aaron Swartz ndi Kevin Poulsen, ndipo magazini ya The New Yorker inali yoyamba kuigwiritsa ntchito mu 2013. Ntchito yake ndi yakuti munthu amene waona katangale kuntchito kwake athe kutumiza zikalata kwa atolankhani popanda ngakhale atolankhaniwo kudziwa dzina lake.

Ife Amalawi nkhani yotere si yachilendo. Akulu athu amene ali m'chipinda muno akukumbuka chaka cha 1992, pamene makalata osasaina ankayenda m'matumba a malaya ndi pa makina a fakisi, anthu akuwerenga mobisa. Lero tili ndi ufulu woyankhula, koma munthu woulula zoipa amaopabe kuchotsedwa ntchito, kusamutsidwira kutali, kapena kusalidwa ndi anzake. Taganizani za bokosi la madandaulo limene m'maofesi ena amaliika pafupi ndi khomo la bwana. Bokosilo limakhala lopanda kanthu chaka chonse. Madandaulo anthu ali nawo, koma aliyense woponyamo kapepala amaoneka. Mawebusaiti ambiri olandirira madandaulo amamangidwa chimodzimodzi.

Tsopano ndifike pa kamangidwe. Ndikudziwa kuti pakati pathu pali ena amene amamanga mawebusaiti, ndipo ambiri ndife amene timalemba ntchito amisiriwo m'mabungwe, m'mipingo ndi m'makampani. Mfundo zisanu ndi imodzi zotsatirazi ndi za tonsefe.

Choyamba, webusaiti ikhale yopepuka. Chilichonse chimene tsamba likufuna, kaya ndi chithunzi kaya ndi kafayilo, chiyenera kuyenda ulendo wa makompyuta 6 aja, mwina kudutsa maiko angapo. Choncho Tor imachedwa. Tsamba lodzaza ndi zithunzi zikuluzikulu ndi makanema odziyambira okha limamutopetsa mlendo lisanatseguke. Chepetsani kukula kwa zithunzi, chepetsani chiwerengero cha mafayilo, ndipo mawu ofunika aoneke poyamba.

Chachiwiri, webusaiti igwire ntchito popanda JavaScript. Imeneyi ndi timapulogalamu timene tsamba limatumiza kuti tikagwire ntchito mu foni kapena kompyuta ya mlendo. Timakongoletsa tsamba, komanso tingathe kugwiritsidwa ntchito pomuzindikira mlendoyo. Pulogalamu ya Tor Browser ili ndi magawo atatu a chitetezo, ndipo gawo lapamwamba limazimitsiratu JavaScript pa mawebusaiti onse. Munthu amene ali pa chiopsezo chachikulu ndi amene amasankha gawo limeneli. Ngati fomu yanu ya madandaulo siituma popanda JavaScript, mwatsekera kunja munthu amene amaifuna kuposa onse.

Chachitatu, musaitane alendo ena m'nyumba mwanu. Mawebusaiti ambiri amatenga kalembedwe ka zilembo ku Google, kabatani ku Facebook, kanema ku YouTube, ndiponso kachida kowerengera alendo ku kampani ina. Mlendo amaganiza kuti walowa nyumba imodzi, osadziwa kuti makampani angapo amva kugogoda kwake. Zonse zimene tsamba likufuna zisungidwe pa kompyuta yanu yomwe, imene amisiri amaitcha seva.

Chachinayi, musafunse zimene simukuzifuna. Kuyambira 2018, simu khadi iliyonse m'dziko muno iyenera kulembetsedwa ndi chiphaso cha mwini wake. Motero fomu yofunsa nambala ya foni kuti itumize kodi yotsimikizira, ikufunsa dzina la munthuyo m'njira yozungulira. SecureDrop imachita mosiyana. Wotumiza uthenga imampatsa mawu achinsinsi angapo oti aloweze pamtima, ndipo akafuna kudzaona yankho amalowa ndi mawu omwewo, popanda dzina, imelo kapena nambala.

Chachisanu, musaweruze mlendo poyang'ana adiresi ya IP. Anthu ambiri ogwiritsa ntchito Tor amatulukira pa kompyuta imodzi yomaliza, choncho webusaiti imaona ngati munthu mmodzi akugogoda kambirimbiri, niyamba kutseka kapena kufunsa timafunso ta zithunzi tosatha. Facebook inakumana ndi vuto lofanana nalo, pakuti munthu mmodzi ankaoneka ngati ali dziko lina mphindi ino ndi dziko lina mphindi yotsatira, ndipo makina ake ankaganiza kuti akaunti yabedwa. Chimenechi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene anatsegulira khomo la .onion. Amisiri adziwenso ichi: pa webusaiti ya .onion, alendo onse amaoneka kwa seva ngati akuchokera mkati mwa kompyuta yomweyo. Masamba amene anakonzedwa kuti aziwaona mwini yekha, monga tsamba loonetsa mmene seva ya Apache ikugwirira ntchito, angathe kutsegukira dziko lonse ngati mmisiri sanawatseke.

Chachisanu ndi chimodzi, musasunge zimene simungathe kuziteteza. Seva imalemba kaundula wa alendo onse pokhapokha mutailetsa. Chithunzi chojambulidwa pa foni chingathe kukhala ndi tsiku, mtundu wa foni, ngakhale malo enieni amene chinajambulidwira. Kalata yolembedwa pa Microsoft Word kawirikawiri imasunga dzina la amene anailemba. Webusaiti yolandira zinthu zotere iwachenjeze anthu asanatumize, ndipo olandirawo achotse zizindikirozi asanapatsire wina aliyense. Chinthu chimene simunasunge, mbala singachibe, ndipo wantchito wosakhulupirika sangachigulitse.

Pali kanthu kena kakang'ono. Popeza adiresi ya zilembo 56 palibe angailoweze, achinyengo amapanga maadiresi ofananako kuti anamize anthu. Lembani adiresi yanu yeniyeni pa webusaiti yanu ya masiku onse. Kuyambira 2020, Tor Browser imatha kumudziwitsa mlendo kuti webusaiti imene watsegula ili ndi khomo la .onion, ngati mwini wake anaikapo chizindikiro chotchedwa Onion-Location.

Ndinalonjeza kuti nditchula za oipa aja. Msika wotchedwa Silk Road unatsegulidwa pa Tor mu 2011, ndipo unkagulitsa makamaka mankhwala ozunguza bongo. Apolisi a FBI anautseka mu 2013 ndi kumanga mwini wake, Ross Ulbricht, mumzinda wa San Francisco. Chimodzi mwa zimene zinamuulula ndi chakuti pa masiku oyambirira analemba pa intaneti adiresi ya imelo yokhala ndi dzina lake lenileni. Pamenepa pali maphunziro awiri. Loyamba ndi lakuti kubisika sikuchotsa mlandu. Kuno kwathu lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limagwira ntchito kaya walakwa poyera kaya mobisala. Lachiwiri ndi lakuti kawirikawiri munthu amaululidwa ndi kusasamala kwake kapena kwa amene anamanga webusaiti. Wochita zoipa akagwidwa motero, ndi bwino. Koma kusasamala komweko kukagwera namwino amene waulula za kubedwa kwa mankhwala, banja lonse limagona ndi njala. Uwu ndiwo udindo umene mmisiri amasenza akamamanga fomu.

Tsono tibwerere ku mfundo ija. Onaninso malangizo amene ndatchulawa. Tsamba lopepuka limatseguka msanga kumudzi kumene netiweki ndi yofooka, ndipo silidya bandulo. Tsamba losadalira JavaScript limagwira ntchito pa foni yakale. Tsamba losaitana makampani akunja silipereka mbiri ya alendo ake kwa otsatsa malonda. Fomu yofunsa zochepa anthu amaimaliza. Ngakhale bungwe lanu lisadzatsegule khomo la .onion, kumanga motere kudzathandiza anthu amene mumawatumikira.

Pempho langa kwa inu amene mumasaina mapangano ndi amisiri ndi lakuti musanalipire, mufunse mafunso atatu. Kodi tsambali likutseguka pa foni yotsika mtengo, pamalo pamene netiweki ili yofooka? Kodi munthu akalitsegula, ndani winanso amene amadziwa kuti wabwera? Kodi tikusunga chiyani chokhudza alendo athu, ndipo tikuchisungiranji? Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Mmisiri wabwino adzakondwa ndi mafunsowa, ndipo amene alephera kuyankha abwerere akakonze.

Kwa a Komiti, pamene tikukambirana za webusaiti ya bungwe lathu lino, ndikupempha kuti tiyambe ndife kuchita zimenezi, makamaka ngati tidzaikepo malo oti ana amene ali pa sukulu pano azitiuza zovuta zawo. Mwana amene akuzunzidwa sadzalemba ngati akudziwa kuti dzina lake lidzafika kwa womuzunzayo.

A Wapampando, nthawi imene munandipatsa yatha.