NKHOSA ZOBVUNDULA MADZI

Ulaliki wolalikidwa pa siteshoni ya kugombe, m'boma la Mangochi. Mau: Ezekieli 34:17-19.



Mau amene tawerenga m'mawa uno atisonyeza gulu la nkhosa lirikufika pamsipu ndi pamadzi. Zonenepa ndi zamphamvu zitsogola, nizidya udzu wanthete, nizimwa madzi akali odikha. Kufikira pamenepa palibe mlandu, pakuti msipu unamera kuti udyedwe, ndi madzi anaikidwa kuti amwedwe. Mlandu uyamba zitakhuta. Zipondaponda udzu wotsala, nizilowa m'dziwe ndi ziboda zao, nizitakasa thope. Ndipo zofoka zakudza m'mbuyo zipeza matope okha okha. Mwini gulu alonjeza kuti mlandu umenewu adzauzenga yekha. Zindikirani, abale, kuti pa mau awa nkhosazo sizitsutsidwa cifukwa ca kuba. Zitsutsidwa cifukwa ca cimene zinasiya m'mbuyo mwao.

Ndisanaloze munthu cala, ndiyenera kuulula zanga. Tsiku lina m'mamawa ndinatsikira kugombe kukagula usipa kwa asodzi obwera ku cilimira. Ndinali ndi kathumba ka pulasitiki, kaja tikacha jumbo, ndipo kanang'ambika. Ndinakhuthulira usipa m'mbale ya mnyamata wanga, ndi kuponya jumboyo pamcenga, wosaganiza kanthu. Ndisanafike patali ndinamva mau kumbuyo, "Mwadzuka bwanji, abusa?" Poceuka ndinaona amai ena amasiye a mpingo uno, thumba lakale la cimanga liri pambali pao, ali ciweramire kutola jumbo yanga. Sanandidzudzula. Anandilonjera monga masiku onse, naika jumbo m'thumba, napitirira. Ine ndamva maulaliki ambiri kuyambira kusukulu ya ubusa, koma wolasa mtima ngati umenewo sindinaumva.

Dzina lao sindilichula, pakuti sakonda kutamandidwa. Anali ndi mbuzi ziwiri, ndipo imodzi anaisungira mdzukulu wao, kuti akaigulitsa apeze ndalama za sukulu. Mbuziyo inayamba kuonda ngakhale msipu unalipo, nifa. Poitumbula anapeza m'mimba mwace majumbo opotana ngati cingwe. Kuyambira pomwepo amaiwo alawira kugombe dzuwa lisanaturuke, natola mabotolo, majumbo ndi zidutswa za maukonde. Ena anati, "Agogo apenga." Ena anafunsa monyoza, "Kodi boma likulipirani zingati?" Iwo anayankha mau amodzi okha: "Mbuzi yanga inadya zotaya munthu wina, sindifuna kuti ya mnzanga idye zimene ine ndinaziona ndi kuzilambalala."

Tsono tiyeni tilingalire zinthu zitatu.

Coyamba, zimene titaya masiku ano sizitha. Makolo athu anataya zinyalala naonso, koma zao zinali masamba a nthoci, madengu othyoka, zikho zosweka ndi zingwe za luzi. Ciswe cinadya, mvula inabvunditsa, ndipo zonse zinabwerera kunthaka. Ife tinasunga cizolowezi ca kutaya, koma zotayidwa zinasintha. Pulasitiki ciswe sicimudya. Dzuwa limangomuphwanya tizidutswa tating'ono, ndipo tizidutswato tilowa m'madzi m'mene nsomba zidya. Ukonde wa nailoni wong'ambika, ukasiyidwa m'nyanja, ukolabe nsomba usana ndi usiku, nsombazo nkuolera momwemo, wopanda munthu wakuzidya kapena kuzigulitsa. Citini ndi botolo lodulidwa zisunga madzi a mvula, ndipo udzudzu uswana m'madzi oima otere. Malungo si mlendo pagombe lino. Amishoni amene anafika ku Cape Maclear m'caka ca 1875 anasamukira ku Bandawe m'caka ca 1881 atakwirira anzao, ndipo manda aja alipo kufikira lero.

Ndipo pali zonyansa zina zimene ticita manyazi kuzichula m'nyumba ya Mulungu, koma Buku Lopatulika silicita nazo manyazi. Werengani Deuteronomo 23:12-14. Ana a Israyeli analamulidwa kukhala ndi malo kunja kwa cigono, ndi kuti munthu ali yense anyamule cokumbira, afotsere zoturuka m'thupi mwace; ndipo cifukwa coperekedwa ndi cakuti Mulungu ayenda pakati pa anthu ace. Ife bwanji? Munthu abisala kuseri kwa bango, ndipo mafunde atenga zonyansazo kunka nazo kumene amai atunga madzi. Matewera a ana aponyedwa mumtsinje usiku. Mwana wodwala likodzo akodza m'madzi. Mazira a nthendayo aswa, tizirombo tilowa m'nkhono za m'madzi, ndipo poturuka m'nkhonozo tiboola khungu la mwana wina wakusambira. Simunaiwale kolera imene inabuka m'caka ca 2022 nipitirira kufikira 2023. Anthu oposa 1,700 anafa m'dziko muno, ndipo boma lathu la Mangochi linali limodzi mwa maboma okanthidwa koposa. Ena a inu munakumba manda miyezi ija. Ine ndinaima pamanda pomwepo. Kolera iyenda m'madzi ndi m'cakudya zodetsedwa ndi zonyansa za munthu. Kodi amene anabvundula madziwo anali mlendo wocokera kutali?

Caciwiri, ife ndife nkhosa zotsogola. Mulungu anatikhazika pamene Nyanja itsanulira madzi ace mumtsinje wa Shire. Madzi akupita pansi pa mlatho wa ku Mangochi alowa m'nyanja ya Malombe, napitirira ku Liwonde. Pa Walker's Ferry apopedwa kukamwetsa anthu a ku Blantyre. Pa Nkula, pa Tedzani ndi pa Kapichira azunguza makina opanga magetsi. Ndipo namasupuni ndi zinyalala zikaunjikana pa zotsekera za makinawo, nchito iima kufikira zitacotsedwa. Pomaliza madzi omwewo afika ku Chikwawa ndi ku Nsanje, nalowa m'Zambezi m'dziko la Mozambique. Botolo limene uliponya pano ulituma kwa munthu amene sudzamuona nkhope. Koma mnansi wako saleka kukhala mnansi cifukwa akhala kumunsi kwa mtsinje.

Ngakhale pano pomwe, ndani amwa thope? Wacuma agula madzi a m'botolo, kapena ali ndi mpope pakhomo. Wakutunga kugombe ndiye wamasiye, ndi mtsikana wosenza ndowa asananke kusukulu, ndi nkhalamba yosakhoza kuyenda kufikira kumjigo. Anansi athu Acisilamu, amene asamba asanapemphere, atunga pagombe lomwelo. Nanga adzati ciani za cikhulupiriro cathu, akaona Akristu aturuka m'mapemphero ndi kumwaza mapepala njira yonse kufikira kunyanja?

Wina adzati, "Abusa, Nyanja ndi yaikuru, idzameza zonse." Mau otere tinawamva kale. Akuru akumbukila masiku amene anthu anati cambo ca m'Malombe sicingathe. Koma makoka a maso ang'ono anakokolola ndi ana omwe, ndipo pofika kumayambiriro a zaka za m'ma 1990 cambo cinasowa m'nyanja ija, kotero kuti m'caka ca 1993 anayamba kukhazikitsa makomiti a m'magombe kuti asodzi eni ace asunge cotsala. Cimene cinaoneka cosatha cinatha ndi manja a anthu, tsiku ndi tsiku, munthu ali yense ndi ukonde wace.

Cacitatu, cokonza cionongeko ciyamba ndi munthu mmodzi wakuwerama. Pali mwana wa dziko lino, mai Gloria Majiga-Kamoto, amene pogwira nchito ndi alimi anaona kuti mbuzi zao zirikufa ndi majumbo, monga inafera ya amai athu aja. Boma linali litaletsa mapulasitiki opyapyala m'caka ca 2015, ndiwo osakwana mamaikoloni 60, kupyapyala konga kwa tsitsi limodzi la m'mutu. Koma opanga mapulasitikiwo anathamangira kubwalo la milandu, ndipo lamulo linaimitsidwa. Maiyo sanakhala cete. Anasonkhanitsa anzace, nalankhula, nayenda m'miseu, kufikira pa 31 July 2019 Bwalo Lalikuru la Apilo linagamula kuti ciletso ciime. M'caka ca 2021 analandira mphotho ya Goldman, yopatsidwa kwa osamala cilengedwe m'maiko onse. Ndipo ku Chembe, m'malo osungidwa a Lake Malawi National Park, amene anakhazikitsidwa m'caka ca 1980 nalembedwa ndi UNESCO m'caka ca 1984 cifukwa ca mbuna zosapezeka kwina kuli konse, anyamata ena anayamba kumira pansi pa madzi ndi matumba, kukazula zinyalala pakati pa miyala pamene nsombazo ziswana.

Koma taonani, lamulo liribe manja. Ngakhale bwalo linagamula, milandu inabwerezedwa zaka zina, ndipo majumbo sanaleka kuuluka pamsika. M'mwezi wa November 2020 mtsogoleri wa dziko wa nthawi imeneyo, Lazarus Chakwera, anaika tsiku la kusesa mwezi ndi mwezi. Ambiri tinagwira tsace tsiku loyamba, ndipo pambuyo pace tinaliika pakona. Boma likhoza kulemba ndi kulengeza, koma silingaime kumbuyo kwa munthu ali yense wakugula usipa. Kumbuyo kwanga kunaima amai amasiye.

Ndidziwa cimene citiletsa: ndiwo manyazi. Timati kutola zinyalala ndi nchito ya amisala ndi akaidi. Werengani Yohane 6. Ambuye atadyetsa khamu lija pafupi ndi nyanja ya Galileya, sanalola kuti anthu amuke ndi kusiya makombo ali mbwee paudzu. Analamulira akuphunzira ace kuti atole, ndipo anadzaza mitanga 12. Lingalirani Petro ndi Yohane, asodzi onga inu, amene pambuyo pace anakhala mizati ya Mpingo, ali ciweramire pakati pa anthu, mtanga m'manja. Ngati msana wa Petro unawerama, wa mbusa uwerama, wa mphunzitsi uwerama, ndi wa mwini ngalawa uwerama.

Cifukwa cace ndikupemphani zinthu izi. Inu amai, tengani dengu kapena mbale ponka kumsika ndi kugombe, monga anacita amai anu. Ndipo musakolezere moto wophikira ndi pulasitiki, pakuti utsi wace uipsa cifuwa ca mwana ali kumbuyo. Inu asodzi, ukonde wong'ambika ubwerere kumtunda m'bwato momwe unapitira. Ndipo neti ya udzudzu ikhale pamphasa ya ana, isalowe m'madzi. Inu abambo, nyumba iri yonse ikhale ndi cimbudzi cace ndi dzenje la zinyalala, zonse ziwiri kutali ndi madzi ndi citsime. Ndipo akuru a mpingo akambe ndi mafumu ndi komiti ya gombe za cimbudzi ca asodzi obwera kucokera kutali, pakuti mlendo wopanda kopita adzapita kubango. Inu aphunzitsi, mau anu afika kumene anga safika. Tengani ana kugombe tsiku limodzi pa sabata, atole, awerenge zimene atola, nalembe m'makope ao. Pakutero aphunzira masamu ndi ukhondo pamodzi. Muwauze asagwire magalasi osweka ndi matewera ndi manja, ndipo asambe ndi sopo pomaliza. Koma mphunzitsi ayambe ndiye kuwerama, pakuti mwana atsata phazi koposa mau.

Wina asanene kuti thumba limodzi lipindulanji pagombe lalitali cotere. Akuru anati pang'ono pang'ono ndi mtolo. Gombe linadetsedwa ndi jumbo imodzi imodzi, ndipo lidzayera mwa njira yomweyo.

Ine ndiri ndi mangawa kwa amai aja. Loweruka likudzali, dzuwa lisanaturuke, mudzandipeza pamene asodzi akoceza, thumba liri m'manja. Sindidzalemba maina a obwera, kapena kufunsa osabwera. Ali yense adzifunse yekha cimene asiyira wakudza m'mbuyo mwace.

Mbusa Wabwino, amene amwetsa zofoka pamodzi ndi zamphamvu, atikhululukire madzi amene tinabvundula, natipatse mitima yodzicepetsa ndi manja osanyansidwa ndi nchito. Amen.