Kupeta Mpweya Monga Tipetera Chimanga

Komiti inandipempha kuti ndilankhulepo za sayansi imene ingathandize kwathu kuno, ndipo ndasankha nkhani ya kupeta mpweya.

Tonse timawaona anyamata a njinga atasenza matumba a makala pamsewu wa Mitundu, ulendo wa m'tauni. Ambiri mwa makalawo ndi mitengo ya m'Dzalanyama, komwe kumachokera mtsinje wa Lilongwe. Zinthu zitafika poipa, m'chaka cha 2015 boma linachita kutumizako asilikali. Koma mfuti siphika nsima. Malinga ngati mayi wa ku Area 23 alibe china chophikira, makala adzagulidwabe.

Chophikira china tili nacho m'makola mwathu. Ndowe za ng'ombe kapena nkhumba zikaikidwa m'dzenje lomanga ndi njerwa, lotsekedwa bwino, zimawola ndi kutulutsa mpweya wotchedwa bayogasi. Pa magawo 100 aliwonse a mpweyawu, pafupifupi 60 ndi methane, amene amayaka. Otsalawo ambiri ndi carbon dioxide, uja tinkauzira m'madzi a laimu kusukulu kuno madziwo nasanduka ngati mkaka. Ameneyu sayaka konse. Ali ngati mankhusu m'thumba la chimanga.

Pophikira pafupi ndi dzenje, bayogasi amayaka bwino ngakhale osapeta. Vuto limabwera mukafuna kumuthira m'botolo lachitsulo kuti akagulitsidwe kwina, kapena kuyendetsera injini ya chigayo. Kodi ndani angalipire galimoto kuti inyamule thumba lomwe pafupifupi theka lake ndi mankhusu?

Tsono lichero lake ndi lotani? Ndi thanki yodzaza ndi timibulu touma ta miyala yotchedwa zeolite, kapena ta makala okonzedwa mwapadera otchedwa activated carbon. Timibuluti tili ndi timabowo tosaoneka ndi maso. Mutati muyale makoma a timabowo ta magalamu 7 okha a makala abwino otere, angakwane bwalo la mpira. Mpweya ukakankhidwira m'thankimo mwamphamvu, carbon dioxide amakakamira m'timabowomo kuposa methane, ndipo methane amatulukira mbali inayo. Timibulu tikakhuta, mumachepetsa mphamvu ija kapena kutenthetsa thanki. Carbon dioxide amataya pogwira natuluka, timibulu n'kuyambanso ntchito. Nchifukwa chake matanki amakhala awiri: ina ikugwira, inzake ikukhuthula. Chinyezi ndiponso mpweya wonunkha ngati dzira lowola ziyenera kuchotsedwa poyamba, apo ayi timibulu timafooka msanga.

Nzeru imeneyi si yachilendo kwa ife monga tingaganizire. Makina aja amapereka mpweya wa okosijeni kwa odwala m'zipatala, amene anapulumutsa abale athu ambiri nthawi ya Covid-19 mu 2021, ali ndi zeolite m'kati. Kungoti iwo amagwira nayitirojeni. Kunja mafakitale anapita nayo patali. Ku Port Arthur, m'dziko la America, fakitale ina yopanga hayidirojeni inayamba mu 2013 kugwira matani pafupifupi 1 miliyoni a carbon dioxide pachaka mwa njira yomweyi. Ku Iceland, makina otchedwa Orca anayamba mu 2021 kumukoka mumlengalenga ndi kumukwirira pansi pa nthaka. Zimenezo n'zodula kwambiri, ndipo sindikunena kuti tikamange Orca pa Nathenje.

Chomwe ndikunena n'chakuti zipangizo za lichero laling'ono zikuwolera kuseri kwa nyumba zathu. Makala apaderawa angapangidwe kuchokera ku zitsononkho ndi makoko a mtedza, zomwe dera lino silisowa. Koma si makala wamba a pambaula ayi. Amafunika kuwotchedwanso ndi nthunzi pa moto wa madigiri oposa 800 kuti timabowo titseguke, kenaka n'kuyesedwa. Apa mpamene pafunika mwana wodziwa kemisitiri, ndipo koleji ya Bunda, yomwe tsopano ili pansi pa LUANAR, ili pakhomo pathu pomwepa.

Mwana ameneyo sadzagwa kumwamba. Adzatuluka m'makalasi omwewa tinakhalamo ife. Choncho ndikupempha bungwe lathu zinthu ziwiri. Choyamba, gawo la zopereka za chaka chino lipite ku zipangizo za m'labotale, kuti ophunzira azigwira zinthu ndi manja m'malo mongozijambula m'kope. Chachiwiri, timange dzenje limodzi la bayogasi pafupi ndi khitchini ya sukulu, lithandize kuchepetsa nkhuni komanso likhale poyesera. Ophunzira a Fomu 3 angathe kuyeza mpweya usanalowe m'thanki ndi pamene watuluka, n'kudziwerengera okha kuti makala awo agwira wochuluka bwanji.

Akuluakulu anati tsokonombwe anatha mtunda n'kulumpha. Msungichuma wathu wakhala patebulo lija pakhomo ndi buku la malisiti. Tiyeni timuone tisanapite kukadya.