Mdani wa Nandolo Ali Pansi pa Nthaka

Mlimi wa ku Mulanje kapena ku Chiradzulu akaona nandolo wake akufota mvula itatha, kaŵirikaŵiri amanamizira dzuŵa. Koma mdani weniweni ali pansi. Ndi chuku cha m'nthaka chotchedwa Fusarium udum, chimene chimaloŵa m'mizu nyengo ya dzinja, nthaka ikali yonyowa ndi yofunda, n'kutseka njira za madzi m'tsinde. Mvula ikamagwa mbewu imapirirabe. Ikangoleka, pamene maluŵa ndi zitheba zikufuna madzi ochuluka, mtengo umauma. Tsinde likang'ambidwa, m'kati mumaoneka mizere yakuda.

Chukuchi chimakhalabe chamoyo m'zitsa zakale kufikira zaka zitatu. Nchifukwa chake alangizi ayenera kulimbikitsa kuzula ndi kutentha zitsazo, kasinthasintha ndi mapira, ndiponso mbewu yopirira matendaŵa monga ICP 9145, imene inatulutsidwa m'Malaŵi m'chaka cha 1987.